Tenti ya Khomo Limodzi

Kuseri kwa sitolo ya a Jayantilal,
Lilongwe,
Nyasaland.
19 Okotobala, 1958.

Okondedwa achimwene a Lexon,

Ndikhulupirira muli bwino ku Harare kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ife kuno tilipo, ine ndi mwana wanga Daxa, amene inu mumakakamira kumutchula Consolata ngakhale mwini wake satembenuka mukatero. Kalata yanu ndaipeza nditabwerako kunyanja. Ndaiwerenga ndili chilili, kenaka ndakoka mpando n'kuiwerenganso nditakhala pansi kuti ndipse mtima bwinobwino.

Mwati popeza mwamuna wanga wamwalira, ndilongedze katundu ndipite kumudzi ndi mwana, ndikadikire inu eni mbumba mubwere pa Khirisimasi tidzamete maliro, kenaka mudzaona chochita nafe. Mwalembanso kuti za amwenye zija zatha tsopano. Achimwene, zimene mukuzitcha za amwenyezo ndi banja langa la zaka zoposa khumi, ndipo munthuyo dzina lawo anali a Jayantilal. Kumudzi sindipita. Musafulumire kung'amba kalatayi. Werengani kaye mumve kumene ndinali, kuti pokalipa mukalipe mukudziwa chimene mukukalipira.

Pamaliro simunalipo, ndiye simunaone. Kunabwera a Suresh, ang'ono awo a malemu, kuchokera ku Limbe pamodzi ndi akazi awo a Champaben. Mtembo unatulukira khomo lakutsogolo la sitolo, ine nditaima kuseri ndi antchito pafupi ndi mgolo wa madzi. Anakautentha kumtsinje monga mwa mwambo wawo, amuna okhaokha, ndipo ine sindinalimbane nazo. Anabwerako ndi phulusa m'kamphika kadothi kokulunga nsalu yofiira. A Suresh anabwera mutu uli mbee, pakuti nawonso amameta maliro ngati ife, kungoti kwa iwo amameta ndi amuna.

A Champaben chiyambire sanamwepo tiyi m'kapu yanga. Koma masiku amenewo ankamuitana Daxa m'mawa uliwonse, kumudzoza mafuta onunkhira m'mutu ndi kumuluka tsitsi lake lija lofika m'chiuno. "Tsitsi la kwathu ili," ankatero. Ine kupusa, ndinkati n'chikondi chabe. Tsiku lina a Suresh anandiitanira m'sitolo, okhala iwo, ine chilili.

"Eneless, mawa tipita kunyanja kukathira phulusa la mkulu wanga. Daxa apita nafe. Pobwerera tikwera naye sitima pa Salima, akakhala kwathu ku Limbe, akaphunzira ndi ana athu. Ndi tsitsi limeneli palibe akafunse zambiri. Iwe utsala."

"Akafunse za chiyani?" ndinatero.

"Za amayi ake."

Mwaona mmene zinthu zilili? Kwa a Suresh mwana ndi wa bambo. Kwa inu mwana ndi wa amalume. Amene anamva kuwawa pomubereka ndiye alibe mwana.

Chimene chinandikweza m'lole yopita kunyanja ndi mawu a malemu. Akudwala anauza a Suresh kuti, "Ukandithire pamalo a tenti." A Suresh sankadziwa ngakhale kuti kuli tenti. Anafunsa Daxa, mwana n'kuwayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Njira amaidziwa ndi amayi, Kaka." Kaka ndiko kuti bambo wamng'ono m'chinenero chawo. Ananama mwana ameneyu, chifukwa malowo amawadziwa mwala ndi mwala, koma bodza limenelo sindinamulangire.

Za tentiyi inunso simuzidziwa. Chaka chilichonse tikamapita kunyanja munkalemba kuti mlongo wanu wayamba chizungu, akukagona m'mahotela. Imvani za hotelazo. Ulendo woyamba, Daxa ali kumsana, tinafika pa hotela ya azungu, mlonda n'kutiimitsa pageti. Anati bwana mwenye akhoza kugula botolo la zakumwa pawindo, koma wakumsanayo ndi womberekayo ayi. Tinapita kwa anzawo a masitolo pa Salima. Kumeneko bamboyo anawayalira bedi, ine n'kundilozera kukhitchini kogona antchito. A Jayantilal sanali munthu wa mikangano. Anangovala nsapato zawo, n'kutitenga tonse kukagona m'lole.

Titabwerera ku Lilongwe anagula lona yakale ya lole ya fodya, n'kuiponya pafupi ndi makina anga osokera. "Soka nyumba," anatero. Ndinathyola singano zosawerengeka, zala n'kutupa ngati zalumidwa ndi mavu. Nditafika pakhomo ndinawafunsa ngati ndiike makomo awiri kuti mphepo izidutsa. Anati, "Limodzi. Makomo awiri ndatopa nawo." Mukudziwa kuti ngakhale pano pasitolo, chifukwa cha abale awo ndi maso a anthu, khomo langa linali lakuseri. Nyumba yokhayo imene ine ndi mwamuna wanga tinalowera khomo limodzi inali ya lona, ndipo ndinaisoka ndekha.

Tsono m'mawa mwake ndinaikweza m'lole tentiyo osapempha chilolezo kwa munthu. A Suresh ndi akazi awo anakhala kutsogolo ndi a Mikaili, dalaivala wathu, kamphika kali pamiyendo. Ine ndi Daxa tinakhala kumbuyo pamwamba pa lona, fumbi la msewu wa Salima likutidzaza m'kamwa. Njira yonse mwanayo anangondigwira chitenje ngati ali wamng'ono. Titadutsa pa siteshoni n'kuona njanji, anandigwira kolimba kuposa kale.

Malo athuwo ali m'kati mwa nkhalango ya boma, kumene saloleza kudula mtengo kapena kutchera nyama. Msewu umathera panjira, ndiye azungu ndi magalimoto awo safikako. Mlonda wa nkhalangoyo, a Maynard, atangoona lole anabwera akuthamanga, mano onse pamtunda.

"A tenti afika! Nanga abwana ali kuti, akundibisalira?"

Ndinaloza kamphika kali m'manja mwa a Suresh. A Maynard anavula chipewa, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo monga timachitira pasiwa. "Pepani, mayi," anatero. Kwa ine, achimwene. Chichitikire maliro, munthu woyamba kundipepesa monga namfedwa anali mlonda wa mitengo. Misozi imene ndinaimeza pafupi ndi mgolo wa madzi uja inatulukira pamenepo.

Lole tinaisiya pamenepo, a Mikaili ndi a Maynard n'kusenza tenti ndi mitengo yake. Pali njira yachidule yodula m'nkhalango. Sindinaitenge, ndipo sindikupepesa. Ndinati ngati mwana wanga akwera sitima mawa, lero ndiyenda naye gombe lililonse limene bambo ake anapondapo. Tinayamba ndi gombe la mchenga woyera, pamene panali mapazi a mvuu aakulu ngati mbale. Tinakwera miyala, ng'azi zikuthawira m'madzi, n'kutsikira pagombe lina la timiyala timene timalira ukamayenda. Paliponse a Suresh, ali m'jekete ndi nsapato zachikopa, ankafunsa, "Kodi ndi pano?" Ine n'kumati, "Ayi, kutsogolo."

Daxa ndiye anatsegula pakamwa. "Apa ababa anandiphunzitsa kusambira. Apo anaterereka ndi ketulo ya tiyi m'manja, n'kudzuka ketulo ili yosatayika. Mwala uwo ankaimapo n'kumayankha nkhwazi ikalira." A Suresh anaima, thukuta lili kamukamu.

"Mkulu wanga ankasambira?"

"Kuposa a Maynard," anatero mwana.

A Suresh anapukuta thukuta. Ndikuganiza kuti m'bale wawoyo ankangomudziwa ali kuseri kwa kauntala, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Kuyambira pamenepo analeka kufunsa ngati tafika. Pagombe lachitatu anyani anatsika m'mitengo n'kulanda kamtolo ka chapati ka a Champaben. Mayiyo anawathamangitsa ndi ambulera akutukwana m'chinenero chawo, ndipo Daxa anaseka koyamba chimwalirire bambo ake.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndi kagombe kakang'ono pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, madzi ake oti ukaponya singano uiona. Mkuyu umene tinkadalira mthunzi tinaupeza utagwa. Tinaimika tenti msangamsanga, ine ndi mwana n'kulowa, pakuti mchenga unkaotcha ngati chiwaya. A Champaben anaizungulira tentiyo mbali iyi, n'kuizunguliranso mbali inayo. Ndinadziwa chimene ankafuna.

"Khomo ndi lomweli, a Champaben," ndinatero.

Anaima padzuwapo kanthawi ndithu. Koma dzuwa la Salima m'mwezi uno silisankha mtundu. Anawerama, n'kulowa pomwe ndinalowera ine. Amuna awo anapirira pang'ono mpaka mpala wawo unafiira, nawonso n'kuwerama. Kubwerera kulole kunali kutali, ndipo mwambo wawo wothira phulusa umafuna m'mawa, ndiye tonse anayi tinagona m'menemo, a Mikaili ndi a Maynard panja pafupi ndi moto. Kutacha a Champaben anamwa tiyi m'kapu yachitsulo osafunsa kuti ndi ya yani.

Tsopano ndafika pamene ndikufuna mumvetsetse. A Suresh anapita kuseri kwa mwala kukasamba ndi kupemphera asanathire phulusa, akazi awo ali m'tenti kupinda zofunda. Ine ndinali m'mphepete mwa madzi kutsuka makapu. Daxa anabwera n'kugwada pambali panga.

"Amayi, Kaka anameta chifukwa chiyani?"

"Maliro a m'bale wawo."

"Kumudzi, atamwalira agogo, munameta nonse. Ndi ana omwe."

"Inde."

"Ndiye uku amameta, uko amameta. Ine ndekha ndiye sindinaferedwe?"

M'manja mwake munali sizasi yanga yokonzera lona ndi lezala la bambo ake, zimene zinkakhala m'kathumba kamene ndinasokera m'kati mwa tenti. Ndikuuzeni zoona, achimwene: ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chigwe pamodzi ndi tsitsilo. Musandifunse ngati ndinameta mwanayo chifukwa cha maliro kapena chifukwa cha sitima ya ku Limbe, pakuti dzanja lometa linali limodzi. Komabe ndinamuuza kuti anzake akamuseka, ndi kuti tsitsi lotere silibwerera chaka chimodzi. Anati, "Aseke." Ndinati, "Yamba ndi ine."

Anandinyowetsa mutu ndi madzi a m'nyanja n'kundimeta, kundicheka apa ndi apo. Kenaka anakhala pakati pa miyendo yanga. Chingwe cha tsitsi chija chinali chonenepa ngati dzanja lake, chikununkhirabe mafuta a a Champaben, ndipo sizasi inachita kuchitafuna. Ndinalira ndikudula. Tsitsi limenelo bambo ake ankalipesa okha Lamulungu lililonse.

Ndili pakati pometa, a Suresh anatulukira kuseri kwa mwala, kamphika kali m'manja. Anafuula m'chinenero chawo mpaka mbalame zinabalalika, kenaka n'kutembenukira m'Chinyanja.

"Wachita chiyani, mkazi iwe! Mtsikana sameta! Ku Limbe ndikati uyu ndani?"

Ine ndisanatsegule pakamwa, mwana anadzuka, mutu theka wometa theka ayi.

"Mukati mwana wa a Jayantilal ndi a Eneless, Kaka. Mayina onse awiri."

Mukadamuona, achimwene. Tsitsi litachoka kunatsala nkhope ya amayi athu, chipumi chija chonse, ndi makutu anu otambalala aja. Panalibenso chobisa, ndipo a Suresh anaona zimene ndinaona ine. Anasendera pafupi dzanja lili m'mwamba, ine n'kuima pakati pa iwo ndi mwana. Sindinawaopseze ayi. Ndinangoiwala kuika lezala pansi.

"Ndimenyeni ine," ndinatero. "Mwanayu wataya bambo. Mayi sataya, ngakhale mubwere ndi apolisi a boma lonse."

A Champaben anali atatuluka m'tenti. Anatola chingwe cha tsitsi chija pamchenga, n'kuchikung'untha bwinobwino, misozi ikutsika. Ndinati basi, nkhondo yachiwiri yayamba. Koma anangonditambasulira dzanja.

"Patse lezala," anatero m'Chinyanja chawo cha m'sitolo. "Iwe kumeta moipa. Mabala mabala."

Anamukhazika mwana pansi n'kutsiriza okha, pang'onopang'ono, ndi manja omwe aja ankamudzoza mafuta. "Jayanti mutu wouma," ankadandaula. "Mwana wake chimodzimodzi." Atatha anatembenukira amuna awo n'kulankhula mawu ochepa m'chinenero chawo. Zaka zonsezi kuseri kwa sitolo ndinatolako pang'ono, ndiye ndinamva. Anati, "Analibe mwana wamwamuna, koma anali ndi mwana. Wameta. Anyamule."

A Suresh anati mtsikana sanyamula phulusa. Akazi awo anangowayang'ana.  Bamboyo anayang'ana tenti, n'kuyang'ana mwala uja m'bale wawo ankaimapo. Potsiriza anati, "Bwera, Daxa." Anagwira kamphikako awiri n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Ine sanandiitane, komanso sindinadikire kuitanidwa. Ndinalowa n'kuima mbali ina ya mwana wanga. Phulusa linayandama pang'ono n'kumira, ndipo pambuyo pake tinaponya tsitsi lake ndi langa. Mitu itatu yometa inali m'madzi m'mawa umenewo, ndipo sindikhulupirira kuti pali mwambo, wathu kapena wawo, umene unalakwiridwa.

Pa siteshoni ya Salima sitima inaima ikufuka utsi. Daxa anaima kumbuyo kwanga. A Suresh anakwera okha ndi akazi awo, koma ali pakhomo anatembenuka kuti asachoke ngati ogonja.

"Tsitsi likamera tidzakambirananso."

"Lezala ndasunga, a Suresh," ndinatero.

A Champaben anatulutsa dzanja pawindo n'kundipatsa botolo lawo la mafuta. "Paka, limere bwino," anatero, n'kundifinya zala. Kaya akufuna limere kuti adzamutenge, kaya angofuna limere, sindikudziwa. Ndikupaka ndithu.

Tsono ndi mmene zilili. Sitolo a Suresh akuisiya m'manja mwa a Sattar oyandikana nafe, ndipo a Sattar andilola kuika makina anga pakhonde. Kutsogolo, achimwene, pamsewu penipeni. Matelala aamuna akuseka kuti sanaonepo mkazi wa mpala akupalasa makina pakhonde la mwenye. Duku sindivala. Amene akufuna kudziwa ngati ndinali mkazi wa a Jayantilal aone mutu wangawu. Daxa kusukulu anamuseka tsiku loyamba, iye n'kumenya mmodzi, ndipo pano akuti zatha.

M'kalata zanu zonse mumadandaula za Chitaganya, kuti azungu analumikiza maiko osafunsa eni ake. Ndikugwirizana nanu ndithu. Koma mukamafuula Kwacha kumeneko, muzikumbukira kuti inunso mwandikonzera moyo wonse pa tsamba limodzi osandifunsa ngakhale mmene ndadzukira. Ndimakulemekezani, ndinu eni mbumba, ndipo sindinaiwale kuti munandibereka kumsana amayi akudwala. Koma mbumba si mbuzi zoti muzimangirira pamene mwafuna. Uzani akumudzi asavutike n'kufulula mowa. Kumeta tameta kale.

Chibale ndi fupa, sichiola, ndiye ndikudziwa kuti mukwiya kenaka mubwera. Bwerani pa Khirisimasi, koma osati kudzatitenga. Ndagwirizana ndi a Mikaili kuti tidzapitanso kunyanja, chifukwa mwamuna wanga tsopano ali kumeneko ndipo sindingamusiye chaka chonse osakamuona. Malo m'tenti alipo. Kungoti mudzawerama ngati wina aliyense, ndipo mudzalowa pambuyo panga. Pobwera mundigulire singano zazikulu zosokera lona, kuno zikusowa. Khomo lang'ambika pang'ono, olowa anachuluka chaka chino.

Mundiperekere moni kwa alamu a Immaculata, muwauze kuti chitenje chimene ananditumizira ndi chimene ndinavala polowa m'madzi. Moni kwa Redson ndi ana onse. Daxa akupereka moni kwa amalume ake, akuti ndikuuzeni kuti makutu anu akuwasamalira bwino. Wati mukadzamuitana ndi dzina limene anamupatsa bambo ake, adzakuonetsani mwala umene ankaimapo. Ndakusowani, achimwene, ndipo pafupi ndi mgolo wa madzi paja ndinayang'anayang'ana kumsewu ngati mungatulukire.

Dzina lili pansipali sindinalilembepo chikhalire. Liwerengeni kawiri monga ndinachitira ndi kalata yanu, mulizolowere.

Ine mlongo wanu,

Eneless Jayantilal.